Garaji ya amadala a kutsidya kwa mlatho ndi Forester yanga yokwera Namwera

Ndakhala ndikufuna kulemba za garaji iyi kuyambira mwezi wa July koma ndimadikira kaye ndione ngati galimoto ikhaledi bwino, chifukwa mumadziwa zimene zimachitika, lero wayamikira makaniko mawa galimoto yafa pa msewu. Pano padutsa miyezi ndipo ndakwera nayo phiri maulendo ambirimbiri nde ndingathe kuyankhula momasuka. Dzina la garaji sinditchula, ilibenso chikwangwani chenicheni, koma a pa Mangochi pano amene muli ndi ma Subaru, ma X-Trail kapena RAV4 mwina mukuidziwa kale, ili kutsidya mukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi ngati mukupita ku Namwera, mumakhota pang'ono kulowa mkati, pali mtengo wa mango waukulu ndipo amayendetsa ndi amadala ena aimvi amene sayankhula zambiri.

Galimoto yanga ndi Subaru Forester ya 2006, automatic, injini ya EJ20, ndinaitanitsa ku Japan ndipo inadzera pa Dar es Salaam kulowa pa Songwe ngati mmene ambiri timachitira. Ndimakhala pa boma koma munda wanga uli kumtunda kupitirira Namwera, komanso mayi anga ali komweko, nde sabata iliyonse ndimakwera. Amene simunapiteko mumaganiza kuti Mangochi yonse ndi yotentha ngati pa Makawa kapena ku Monkey Bay, ayi. Ndi makilomita pafupifupi 40 okha kuchoka pa boma koma ukangoyamba kukwera makona a pa Chowe nyengo imasintha, June ndi July kumtunda kuja kumazizira zoti mmawa zala zimauma, nkhungu imatseka msewu osaona olo njinga yomwe ili kutsogolo kwako. Ndiye galimoto imodzi yomweyo imanyamuka kunyanja kotentha, kukwera phiri lalitali, kukagona kozizira, mmawa kulira movutikira, kenako kutsika phiri lomwelo mabuleki ali pa ntchito. Nthawi ya mvula onjezerani matope a njira za kumunda. Ndi chifukwa chake ndinagula ya mawilo onse anayi, ndipo ndi chifukwa chakenso ndikufuna anthu amve kuti galimoto zotere sizifuna makaniko wongoganizira.

Vuto linayamba chonchi. Ndikamakhota kwambiri pang'onopang'ono, monga potembenuka pabwalo pakhomo kapena poimika pa sitolo, galimoto imagwedera kumbuyo ngati wina akuigwira, gu gu gu, matayala akumbuyo ngati akukwekwereza pansi. Pa msewu wowongoka zii, palibe vuto. Kwina komwe ndinkakonzetsa kale anandiuza kuti ndi ma CV joint, zolumikizira zopititsa mphamvu ku mawilo, tinasintha awiri akutsogolo, ndalama zapita, vuto lilipobe. Anati mwina mashoko, ndinakana. Chachiwiri, heater inasiya kutentha, nde mmawa ku Namwera galasi lakutsogolo limachita nthunzi mkati ndipo ndimayendetsa ndikupukuta ndi kansalu, pa makona paja ndi zoopsa zedi. Komanso mafuta imamwa mosadziwika bwino, ndipo ndi mmene mafuta akhala akuvutira kupezeka muno, kugona pa filling station kudikira tanker, lita iliyonse imawawa.

Amene anandilozera kwa amadalawa ndi mlamu wanga. Ndinafika Lachiwiri mmawa, ndinapeza ali pansi pa X-Trail ya munthu wina, anandilonjera ali pansi pomwepo nkundiuza kuti ndidikire. Ndinadikira pafupifupi ola ndi theka. Atatuluka anasamba mmanja, ndinayamba kufotokoza, anangomvetsera osandidula. Kenako mmalo motsegula boneti anayamba kuzungulira galimoto akuwerama pa tayala lililonse kuwerenga manambala. Anaitana mnyamata wawo kuti abweretse chingwe, anakweza galimoto pa jeke, nkuyeza kuzungulira kwa tayala lakutsogolo ndi chingwe chija, kuika chizindikiro, kenako lakumbuyo. Anandionetsa kusiyana kwake pa chingwe, pafupifupi masentimita 7. Anandifunsa kuti, "Achimwene, matayala akumbuyowa anakuikirani ndani?"

Ndinali nditagula awiri a kaunjika miyezi ingapo mmbuyomo. Galimoto yanga imavala 215/60R16, ogulitsa analibe, anandipatsa 215/65R16 nkunditsimikizira kuti ndi chimodzimodzi bola rimu ndi 16, ndipo akuti galimoto ikwera pang'ono zomwe ndi zabwino ku matope. Pa galimoto yokoka ndi mawilo awiri mwina ungapulumuke nazo. Koma amadala anandifotokozera bwinobwino, ndipo apa ndi pomwe ndinadziwa kuti ndafika pa munthu woidziwa ntchito. Akuti pa Subaru mawilo onse anayi ndi olumikizana nthawi zonse, mu giya bokosi kumapeto kwake muli ma clutch plate amene amatumiza mphamvu kumbuyo. Tayala laling'ono limazungulira maulendo ambiri kuposa lalikulu pa mtunda womwewo, pa kusiyana kwa matayala angawo ndi maulendo pafupifupi 15 pa kilomita iliyonse, nde galimoto imaona ngati mawilo akutsogolo akuterera tsiku lonse ndipo ma plate aja amangokhulana, kutentha, oyilo nkupsa. Ine ndinakawerenganso pandekha ndipo ndi zoona, a Subaru amalangiza kuti matayala onse anayi asasiyane kuzungulira kwake kupitirira mamilimita pafupifupi 6. Anga amasiyana kuposa kakhumi pamenepo.

Kuti atsimikize anatsegula boneti nkuika fyuzi pa kamalo kena kolembedwa FWD komwe ine zaka zonsezi sindimadziwa ntchito yake. Nyali inayaka pa dashboard, anati tiyeni tizungulire. Tinazungulira pabwalo paja chiwongolero chili kumapeto, kugwedera konse kuja kunatheratu. Anachotsa fyuzi, kunabwerera. Akuti fyuzi imeneyo imadula mphamvu yopita kumbuyo, anaiikira nthawi yomwe wavala katayala ka sipeya kakang'ono kaja, ndipo poti kugwedera kwasiya ndiye kuti ma plate sanamatirirane, mwayi ulipo wopulumutsa giya bokosi osaitsitsa. Anandichenjezanso kuti ndisatengere pamenepo nkumayenda ndi fyuziyo mpaka kale ngati mmene ena amachitira akafuna kugulitsa galimoto yodwala, ndipo amene mukugula Subaru ya automatic kwa munthu muno muziyang'ana kamalo kameneko ngati mulibe fyuzi.

Anasolola dipstick ya ATF, oyilo wa mu giya bokosi ya automatic, nkundinunkhiza. Imayenera kukhala yofiira, yanga inali yoderako ndipo imanunkha kupsa. Anaikhetsa nkuthira ina, koma anandiuziratu kuti ukatsegula pansi imatuluka pafupifupi theka lokha, ina imatsalira mkati, nde tidzabwereza katatu ndikuyenda nayo pakatipo. Anasinthanso oyilo wa madifu onse awiri (magiya ogawa mphamvu ku mawilo), 75W-90, kutsogolo kumalowa lita ndi pang'ono, kumbuyo sikukwana lita. Wa kumbuyo anatuluka ngati phala lotuwa, akuti munalowa madzi, ndipo ndikukumbukira bwino nthawi ya Freddy mu March 2023 ndinawoloka nayo madzi ofika mmaondo kawiri konse ndipo palibe anaganizapo zoyang'ana difu kuchokera nthawi imeneyo. Anandionetsanso chinthu china chomwe ndikufuna eni ma Subaru mumve. Pansi pa galimotoyi pali mabawuti okhetsera oyilo oyandikana, la injini, la giya bokosi ndi la difu yakutsogolo, nde mnyamata wosazolowera akhoza kukhetsa la giya bokosi nkuthira oyilo watsopano mu injini yomwe ndi yodzadza kale. Amadala akuti alandirapo zotere zingapo zitabwera pa chingwe.

Pa matayala panalibe kukambirana. Anati anayi onse, mtundu umodzi, saizi imodzi, apo ayi iwo sapitiriza ntchito chifukwa ndidzabweranso nkumati sanakonze bwino. Ndinawapempha kuti madala tiyeni tisinthe awiri okha akumbuyowo kaye, mwezi ukatha ndidzagula enawo. Anakana, ndipo chifukwa chake chinali chinanso. Akutsogolo aja anali Bridgestone Blizzak, enanso a kaunjika ochokera ku Japan konko, ndipo ndi matayala a mu snow. Mphira wake ndi wofewa dala kuti uzigwira pa ayezi, nde pa tara wotentha wa Mangochi mu October amatha msanga ndipo pa mabuleki amatenga mtunda wautali, makamaka msewu ukanyowa. Mukawaona mapanga ake amakhala akuya, okhala ndi timizere tambirimbiri tating'ono, munthu nkumati ndapeza tayala latsopano motchipa. Anandionetsa manambala anayi a pambali pa tayala, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa, anga anali a 2014. Matayala amenewa adzadza mmisika yathu ndipo ogulitsa ambiri sadziwa nkomwe kuti ndi a nyengo yozizira.

Nkhani ya heater ndi mafuta inapezeka kuti ndi imodzi. Thermostat munalibe. Ndinakumbuka kuti galimoto itangofika inatenthako kamodzi ndipo amene anaigwira nthawi imeneyo anati kachipangizo kameneka ndi ka kumaiko a snow, kuno ku Malawi sikafunika, anakachotsa nkukataya. Mawu amenewa ndawamva kwa amakaniko ambiri zedi ndipo ndinkawakhulupirira. Amadala anapukusa mutu. Akuti injini inapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kwake, thermostat imatseka madzi mpaka afike pa madigiri pafupifupi 80 kenako nkutsegula. Ukaichotsa madzi amangozungulira mu redieta kuyambira poliza, nde ku Namwera mmawa wa June injini siitentha, kompyuta imaona kuti injini idakali yozizira nkumangothira mafuta ambiri, heater nayo ilibe potenga kutentha. Ndipo zoonadi ndikamatsika pa Chowe muvi wa temperature umagwa mpaka pansi, ine nkumasangalala kuti galimoto yanga siitentha. Chomwe chinatenthetsa galimoto poyamba paja mwina inali redieta yomwe pamwamba pake pa pulasitiki panali kamng'alu, anandionetsa pomwe wina anamata ndi guluu. Tinasintha redieta, chivindikiro chake, ndi thermostat yomwe pa injini iyi imakhala pansi, pomwe paipi yapansi imalowera ku water pump. Mkati munali madzi a pa mjigo okhaokha ofiira ndi dzimbiri. Anatsuka nkuthira coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, ndipo anati anthu amaganiza kuti coolant ndi woletsa madzi kuundana basi, pomwe amatetezanso dzimbiri komanso amachedwetsa kuwira, zomwe ife okwera phiri titanyamula matumba a feteleza tikuzifuna kwambiri. Anatenga nthawi yaitali akuchotsa mpweya mu mapaipi galimoto itakwezedwa kutsogolo, ine ndimaona ngati akuchedwa koma akuti injini yogona chammbali ngati iyi ikatsala ndi mpweya mkati imatentha mwadzidzidzi.

Ali pansi pomwepo anandiitana kuti ndigone nawo pa katoni ndione. Kunsi kwa galimoto, makamaka kumbuyo, kunali dzimbiri lokhuthala, zitsulo zikusendeka ngati khungwa. Anati iyi inachokera kozizira, ku Japan kumpoto monga Hokkaido ndi Tohoku amathira mchere mmisewu kuti snow asungunuke ndipo mcherewo umadya galimoto kunsi pamwamba pakuwala bwinobwino. Ndiye zinandilumikizikira, galimoto yanga ili ndi mabatani otenthetsa mipando komanso timawaya pansi pa galasi pomwe ma wiper amagona, zonsezo ndi za kumalo a chisanu. Sizodabwitsanso chifukwa Subaru ya mawilo anayi inayambira komweko, kampani ya magetsi ya Tohoku Electric inkafuna galimoto yoti antchito ake aziyendera mmapiri a snow ndipo mu 1972 kunatuluka Leone ya 4WD. Ndiye zambiri zomwe tikuitanitsa kuno zagwira ntchito zaka mu mchere. Chomwe chinandiopsa ndi paipi ya mabuleki yopita kumbuyo, anaikanda ndi sikuludiraiva pang'ono chabe nkuyamba kunyowa. Ndinakhala chete kwa kanthawi chifukwa sabata yomweyo ndinali nditatsika phiri ndi mayi anga ndi ana awiri. Anasintha mapaipi onse awiri, ndi brake fluid yense yemwe anali wakuda bii. Akuti brake fluid amayamwa chinyezi pakapita zaka, ndipo potsika phiri lalitali mabuleki akatentha madzi ajawo amawira, pedulo nkungolowa pansi opanda kanthu. Anandiuza kuti zaka ziwiri zilizonse ndizisintha, ndipo potsika pa Chowe ndizichotsa pa D ndiziika pa 2 kuti injini izithandiza kugwira galimoto, osamangoponda buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Choyamba ndi nthawi. Anandiuza masiku atatu, galimoto inakhala masiku 9. Zipangizo zambiri pa Mangochi pano kulibe, thermostat yeniyeni ndi redieta anachita kuitanitsa ku Blantyre kudzera pa minibasi, redieta yoyamba inabwera ya manual yopanda timapaipi ta ATF, kubweza, kudikiranso. Izi sindingawanene kwambiri koma akanatha kundiuza. Foni sayankha, ukaimba kasanu mwina ayankha kamodzi, WhatsApp amawerenga mawa lake, nde ndimachita kukwera kabaza kuwoloka mlatho kukaona ndekha kuti zili pati. Lachisanu masana amatseka kupita ku Juma, izo ndi zachidziwikire kwa ife a kuno ndipo ndilibe nazo vuto, ndikungowauza alendo kuti musakonze zotenga galimoto nthawi imeneyo. Pokhala palibe, ndi benchi imodzi pansi pa mango. Lisiti salemba pokhapokha uumirire, ine ndinaumirira ndipo anandilembera mu kope la sukulu nkung'amba pepala. Kwa munthu amene galimoto ndi ya ku ofesi ndipo akufuna ma quotation ndi chidindo, apa muvutika. Mnyamata mmodzi anandisiyira mafuta akuda pa mpando ndi pa chiwongolero, ndinadandaula, amadala anamukalipira pamaso panga mpaka ndinamva chisoni, koma banga lija silinachoke lonse. Alibenso kompyuta yayikulu yoyezera, ali ndi kakang'ono kowerenga ma code basi, ndipo ananena okha kuti ma Subaru atsopano a CVT, mtundu wina wa automatic, akavuta mkati mwa giya bokosi iwo satsegula, amakutumiza ku Blantyre kapena Lilongwe. Ine ndinaona kuti ndi bwino munthu kunena malire ake kusiyana ndi kuphunzirira pa galimoto yako.

Mtengo nawo si wotsika. Ya ntchito yokha ndinalipira pafupifupi kawiri ya yomwe ndinazolowera kulipira kwina, ndipo satsitsa, ndinayesa. Ukaphatikiza matayala anayi atsopano, ndi mmene zinthu zakwerera chigwereni kwacha mu November 2023, ndinachita kugulitsa nandolo yemwe ndimasunga kuti ndidikire mtengo. Zinandiwawa. Koma chipangizo chilichonse chomwe anachotsa anandiikira mu thumba nkundipatsa, zomwe ndinagula ndekha anaziika ndikuona, ndipo ma CV joint akale aja omwe ndinali nawobe mu buti anawayang'ana nkundiuza kuti analibe vuto, ndiwasunge adzagwira ntchito. Giya bokosi ya kaunjika ikanandidyera ndalama zoposa zonsezi, osadziwanso kuti yomwe wagulayo ili bwanji mkati.

Kuyambira pamenepo kugwedera kunachepa titasintha ATF koyamba ndi matayala, titabwereza kachitatu kunatheratu. Muvi wa temperature umakwera kufika pakati mu mphindi zochepa ndipo umakhala pomwepo, kaya ndikukwera Chowe masana ndi katundu kaya ndikutsika mmawa mu nkhungu. Heater ikutentha, galasi limayera ndisanatuluke pa geti kwa mayi. Mafuta sindinayeze mwa ma lita enieni koma ulendo wopita ndi kubwera womwe umandithera pafupifupi theka la thanki pano muvi umatsala pamwamba pake moonekeratu. Oyilo wa injini anandichotsa pa 20W-50 yemwe ndinkathira poganiza kuti wolimba ndiye wabwino kotentha, anandibwezera pa wopyapyala wolembedwa mu buku la galimoto, ndipo kaphokoso ka tekete tekete komwe kamamveka poliza mmawa kozizira kanachepa. Batire anangotsuka mitu yake nkumanga bwino, akuti likadali ndi moyo, pomwe ine ndinali nditakonzeka kale kugula lina.

Chinanso chomwe anandiuza ndikunyamuka, poti anaona chingwe chokokera mu buti. Akuti ikadzafa pa msewu ndisadzalole kuti aikoke mawilo awiri ali mmwamba awiri ali pansi, kapena kuikoka pa chingwe mtunda wautali injini ili chozima, ndidzafune lole yoti ikwere yonse, olo zidule bwanji. Kuchokera ku Namwera kapena ku Chiponde kupeza lole yotero si zophweka koma ndinasunga nambala ya wina amene anandilozera.

Dzimbiri lija silinathe. Anapala, kupaka mankhwala ndi penti yakuda, koma ananena mosabisa kuti chitsulo chachikulu chogwira difu yakumbuyo chadyeka ndipo pakatha chaka kapena ziwiri tidzafunika kupeza china kwa ophwasula magalimoto ku Limbe, makamaka poti ndimayenda mmatope. Anati ndikabwera kumunda nthawi ya dzinja ndizitsuka kunsi osati pamwamba pokha. Timing belt, lamba woyendetsa ma valve mu injini, nayo yayandikira, pa injini iyi amasintha pa makilomita 100,000 aliwonse ndipo kasitika ka ku Japan komwe kali pa chivindikiro kakuonetsa kuti yatsala ndi ochepera 8,000, ikaduka ma valve amagundana ndi ma piston nde sindikufuna kuyesa mwayi pa phiri. Ndawauza kale amadala kuti ayitanitsiretu lamba, ma pulley ndi water pump zonse zifike kaye ndisanabweretse galimoto, kuti ulendo uno isakagonenso masiku 9 pansi pa mango paja mvula ili pafupi ndipo feteleza akudikira kukwera.